Chilombo cha ku Walkerville chinali ndi mwini wake

M'bandakucha wa Lachitatu, pa 18 Januwale 2023, mfuti inalira pa famu ina ku Walkerville, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg, ndipo kambuku wamkazi wa zaka 8, wotchedwa Sheba, anagwa. Anali atatha masiku anayi ali kunja kwa khola lake. M'masiku amenewo anapha agalu ndi nkhumba, ndiponso anagwira bambo wina wa zaka 39 amene ankayenda pansi, namuvulaza mpaka kukagonekedwa m'chipatala. Apolisi, alonda a m'deralo, helikopita ndi tindege topanda woyendetsa, zonsezi zinamusaka m'maudzu a m'dzinja osamupeza. Pomaliza anafika pafupi ndi nyumba zogona mabanja, kunja kuli mdima, ndipo osakawo anati kumubaya jekeseni wogonetsa sikukanatheka.

Pasanathe masabata awiri, pa 30 Januwale, kamera ya pa ofesi ina ku Edenvale, kum'mawa kwa mzinda womwewo, inajambula kambuku winanso akuzungulira galimoto pabwalo. Kampani ya alonda inalengeza kuti nyamayo yagwidwa ndipo yapititsidwa kumalo osungirako zinyama. Bungwe loteteza zinyama ku nkhanza la NSPCA linadandaula poyera kuti silinaonetsedwe umboni wa zimenezi.

Nkhani ziwirizi zinafika kwa Amalawi, a ku Joni ndi a kumudzi omwe, zitavala mawu ozolowereka: chilombo cholusa chasochera n'kulowa m'tauni. Nthabwala zinayenda pa mafoni, zakuti ku Joni magetsi akazima mumdimamo mumayenda akambuku. Koma mawu akuti chasochera n'kulowa m'tauni ndi bodza, ndipo ndi bodza lothandiza munthu mmodzi yekha. Amapatsa womva chithunzi cha nyama imene kwawo ndi kuthengo, imene yaphonya njira n'kutulukira pakati pa nyumba za anthu, monga imachitira njovu ya ku Liwonde kapena fisi wa m'mapiri a Dedza. Sheba analibe thengo. Mtundu wake sunakhaleko m'thengo lililonse la mu Africa. Kwawo kwa makolo ake ndi ku Asia, ndipo iye mwini kwawo kunali kuseri kwa nyumba ya munthu, m'kati mwa waya.

Chichewa chenichenicho chikuchitira umboni. Chili ndi mkango, chili ndi nyalugwe ndi kambuku, mayina awiri a nyama imodzi yamawanga ija yaima moyang'anizana ndi mkango pa chizindikiro cha dziko la Malawi. Chili ndi njuzi, chili ndi vumbwe. Nyama ya mizeremizere imene Angerezi amati tiger ilibe dzina, chifukwa makolo sanakumane nayo, ndipo Amalawi ambiri liwulo analimva koyamba pa timu ya mpira ya ku Blantyre. Aphunzitsi ndi omasulira mabuku anangobwereka dzina la kambuku n'kuiveka. M'nkhani ino kambuku akhala wa mizeremizere wa ku Asia, nyalugwe akhala wamawanga wa mu Africa. Kubwerekana dzinaku kunasokoneza anthu ambiri. Gogo wa ku Mangochi atamva kuti kambuku wavulaza munthu ku Joni, anaona m'maganizo nyalugwe wotsika m'phiri, ndipo anati ndi tsoka chabe, zakuthengo sizipanganika. Sanadziwe kuti nyamayo inachita kugulidwa kapena kuberekedwa m'khola, inkadyetsedwa ndi munthu, ndipo inali ndi adiresi.

Pali chizolowezi china cha chilankhulo chimene chikugwira ntchito pamenepa. Mwana akaswa mbale sanena kuti ndaswa mbale. Amati mbale yasweka. Kachidutswa kakang'ono ka -ek- kapena -ik- kamachotsa wochita m'chiganizo, ndipo kamamuchotseratu: munthu angathe kunena kuti mbale yaswedwa ndi mwana, koma sanganene kuti yasweka ndi mwana. Sam Mchombo anafotokoza kusiyana kumeneku m'buku lake la 2004 lonena za kapangidwe ka ziganizo za Chichewa, ngakhale mayi aliyense wa ana amakudziwa popanda buku. Nkhani ya ku Walkerville inakambidwa mwa mtundu wa mbale yosweka. Zachitika. Ngozi yagwa. Chilombo chatuluka. Pamene wochita anafunika, anapezeka mlendo wosadziwika amene akuti anadula waya usiku, ndipo mlandu wonse unasenzetsedwa iyeyo. Munthu amene anaika nyama yoposa makilogalamu 100, yodya nyama inzake, pakati pa mapuloti okhala mabanja ndi antchito awo, anazimirira m'chiganizo ngati mwana wa mbale uja.

Kumudzi funsolo silikanaphonyeka. Mkango ukabwera pamudzi n'kumabwerezabwereza, kapena fisi akalimba mtima n'kumafika pakhonde, akuluakulu amafunsa kuti mwini wake ndani. Ku Mfuwe, m'chigwa cha Luangwa, mu 1991, mkango wamphongo wopanda manyenje unapha anthu osachepera 6. Tsiku lina unalowa m'nyumba n'kutuluka utaluma thumba la zovala, n'kumayenda nalo poyera. Anthu anati umenewu si mkango wamba, ndi wotumidwa. Unawomberedwa ndi mlenje wa ku America, ndipo lero waima m'nyumba yoonetsera zinthu ya Field Museum ku Chicago. Ophunzira amaseka maganizo otere, ndipo pa mkango wa ku Mfuwe akulondola: unalibe mwini, ndipo kusaka mwini wa chilombo cha kuthengo kwapweteketsa nkhalamba zambiri zosalakwa. Komatu ku Gauteng funso la makolo lija ndi loona ndendende, lopanda nyanga kapena chizimba. Chilombo chili ndi mwini, ali ndi dzina, ali ndi galimoto, ali ndi lisiti la nyama imene amachigulira. Chodabwitsa n'chakuti kumene funsoli lili ndi yankho, n'kumene anthu amachita manyazi kulifunsa.

Ndipo ngati wina aumirira pa mawu akuti kusochera, awagwiritse ntchito monga amagwirira pabwalo la mfumu. Mbuzi ikasochera n'kudya chimanga cha eni, palibe amene amazenga mlandu mbuziyo, ndipo mwini wake sapulumuka ponena kuti chingwe chinaduka.

Zilipo ndithu zilombo zimene zimachoka kuthengo n'kufika kwa anthu, ndipo chifukwa chake chili m'kakhalidwe kawo. Mwa amphaka onse akuluakulu, mkango wokha ndiwo umakhala pagulu. Kuyambira pamene George Schaller anatulutsa kafukufuku wake wa mikango ya ku Serengeti mu 1972, zadziwika bwino kuti msana wa gululo ndi yaikazi: mayi, ana ake aakazi, achemwali ake, adzukulu, onse apachibale, okhala pa nthaka imodzi mibadwo ndi mibadwo, olerana ana mpaka kuyamwitsirana. Mchewa sangalephere kuzindikira mudzi umenewu. Ndi mbumba pa malo ake, ndipo yaimuna ndi akamwini. Imachokera kwina, kawirikawiri iwiri kapena itatu yapachibale, imalanda mudziwo pothamangitsa imene yaipeza, nthawi zambiri imapha ana aang'ono a anzawowo, ndipo pakapita zaka zochepa nayo imathamangitsidwa. Fanizoli lisapitirire pamenepo, poti mikango ilibe malume kapena nkhoswe. Chofunika n'chakuti mwana wamwamuna wa mkango sakhalitsa pamudzi pa mayi ake. Akafika zaka ziwiri mpaka zinayi amachoka, afune asafune, ndipo amayendayenda kufunafuna malo opanda mwini.

Kale malowo ankapezeka kutsidya la mtsinje. Lero kutsidyako kuli waya, msewu wa phula, minda ndi nyumba. Mu Juni 2015, mkango wa zaka zitatu umene anthu anautcha Sylvester, wovutitsidwa ndi mikango ikuluikulu, unadutsa pansi pa mpanda wa nkhalango ya Karoo pamene mvula inakumba. Unayenda makilomita oposa 300 m'masabata atatu, ukupha nkhosa za alimi m'njira, usanagwidwe. Mu Malichi 2016 unatulukanso. A SANParks atanena zoupha, anthu anafuula, ndipo unasamutsidwira ku Addo. Sylvester sanali wamisala kapena wolusa kuposa anzake. Ankachita zimene mkango uliwonse wa msinkhu wake umachita, m'dziko limene lagawidwa ndi mipanda.

Ku Nairobi chaka chomwecho cha 2016 mikango inatuluka kangapo m'nkhalango yogundana ndi mzindawo. Wina unakanda bambo wachikulire pa msewu wa Mombasa, madalaivala akuuimbira mahutala ndi kuujambula. Wina, wotchuka ndi dzina lakuti Mohawk, unazingidwa ndi khamu la anthu ku Isinya, unavulaza munthu, ndipo asilikali a zanyama anauwombera. Nyalugwe ndiye sachita phokoso lotere. Amakhala yekha, amayenda usiku, amatsata zigwa ndi zitunda, ndipo m'mapiri a Magaliesberg, pafupi ndi Johannesburg ndi Pretoria, alimo mpaka lero anthu ambiri osadziwa. Ku Mumbai anyalugwe makumi angapo amakhala m'nkhalango ya Sanjay Gandhi, yozunguliridwa ndi anthu mamiliyoni, ndipo mbali yaikulu ya chakudya chawo ndi agalu a m'misewu. Kafukufuku wa Vidya Athreya ndi anzake ku Junnar, m'chigawo chomwecho cha Maharashtra, anaonetsa chinthu chimene akuluakulu a boma sanayembekezere: pamene anyalugwe ankagwidwa n'kukatayidwa kunkhalango zina, chiwerengero cha anthu ogwidwa chinakwera. Nyalugwe wodziwa dera lake amadziwanso kupewa anthu ake. Wotayidwa kuchilendo, wovulala m'msampha ndi wamantha, ndiye woopsa.

Zonsezi ndi nkhani zovuta, za malo amene anthu ndi nyama akulimbirana, ndipo palibe munthu mmodzi amene angalozedwe chala. Afisi a mumzinda wa Lilongwe ali m'gulu lomweli, pamodzi ndi kafisi kaja kanapezeka m'misewu ya Randburg mu 2013. Kuika Sheba m'gulu limeneli ndi kubisa mbava m'gulu la olira maliro.

Kambuku wa ku Asia sakhala pagulu. Wamkazi amakhala ndi dera lakelake, limene ngakhale m'nkhalango za ku India zodzaza ndi nyama limatenga makilomita ambiri mulitali ndi mulifupi, ndipo kumadera ozizira a ku Russia limakula kwambiri kuposa apo. Malire amawalemba ndi mkodzo ndi zikhadabo pa mitengo. Amakumana ndi wamwamuna pa nthawi yokwerana, amalera ana yekha, ndipo anawo akakwana zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono amabalalika. Nyama yotereyi, imene thupi lake lonse linapangidwira kuyenda yokha usiku wathunthu, ndiyo imatsekeredwa kuseri kwa nyumba, pambali pa inzake imene sinaisankhe, pakati pa fungo la agalu, nkhumba ndi ana a anthu.

Oweta nyamazi ali ndi yankho limodzi, ndipo amalinena ndi mtima wonse: ndinamulera ndekha ndi botolo la mkaka, amandidziwa, ndi wofatsa ngati mphaka. Apa Chichewa chili ndi mneni mmodzi, kuweta, pa zinthu ziwiri zosiyana. Mphaka wa pakhomo ndi chiweto chifukwa mtundu wake wakhala ndi anthu zaka zikwi zambiri. Pa chilumba cha Cyprus panapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 m'mene munthu anaikidwa pamodzi ndi mphaka. M'mibadwo yonseyo amphaka olusa ankapirikitsidwa, ofatsa ankatsala pafupi ndi nkhokwe n'kuswana, mpaka mtunduwo unasintha. Kambuku woleredwa ndi botolo sanasinthe kalikonse. Wangozolowera munthu mmodzi kapena awiri. Chimene wataya ndi chinthu chimodzi chokha chimene chimateteza anthu ku zilombo za kuthengo, ndicho mantha. Sanaphunzire kwa mayi ake kusaka nyama yothamanga, koma mphamvu ndi chibadwa chogwira pakhosi ali nazo zonse. Tsiku limene watuluka, njala ikamupweteka, amapita kumene wakhala akuona chakudya chikuchokera, ndiko kwa anthu. Ndiye chifukwa chake mndandanda wa Sheba uli ndi agalu, nkhumba ndi munthu woyenda pansi. Chikondi cha mwini wake n'chenicheni mwina, koma chimateteza mwini wakeyo basi.

Tsono lamulo linali kuti? Linalipo, ndipo silinathyoledwe. Apa ndi pamene pali manyazi aakulu. Pa nthawi imene izi zinkachitika, munthu wa ku Gauteng ankafunika laisensi kuti akhale ndi wailesi ya kanema m'nyumba mwake, koma sankafunika chilolezo chosungira kambuku kuseri kwa nyumbayo. Malamulo oteteza zamoyo a dziko la South Africa anapangidwira nyama za m'dzikomo. Mkango, nyalugwe ndi chipembere zili ndi ndime zake. Kambuku ndi mlendo, ndipo chigawo chilichonse chimachita naye monga chifunira. Ku Gauteng, kumene maziko a nkhaniyi ndi lamulo la 1983 la nthawi ya Transvaal, chilolezo chinkafunika pomulowetsa kapena pomutulutsa m'chigawo, koma osati pomusunga. Mu 2021, ku Impala Park, Boksburg, ogwira ntchito pa sukulu ya mkaka anakweza maso n'kuona kambuku woyera akusuzumira ana kuchokera kuseri kwa mpanda wa nyumba yoyandikana nayo. Anadandaula, nyuzipepala zinalemba, ndipo yankho linali lakuti palibe lamulo limene laswedwa. Mmalawi wogwira ntchito ku Joni angaseke chowawa pamenepa. M'dziko limene munthu wochokera kunja amaimitsidwa pamsewu kufunsidwa mapepala, mlendo mmodzi yekha amene safunsidwa pepala ndi wa mano ndi zikhadabo.

Mpata umenewu sunatsale mwangozi. Kumbuyo kwa kambuku wa pakhomo kuli msika. Lipoti la gulu limene nduna ya zachilengedwe inasankha, lotuluka mu 2024, linawerenga mikango pafupifupi 8,000 yosungidwa m'malo oposa 300, pamodzi ndi akambuku oposa 600. Mikango ya kuthengo m'dziko lonselo sifika ngakhale theka la ya m'makolayo. Mwana wa mkango amachotsedwa kwa mayi ake ali wamng'ono kuti alendo alipire pomusisita, akakula pang'ono amayenda nawo pojambulitsa, akakula kwambiri amagulitsidwa kwa mlenje wowombera m'kati mwa mpanda, ndipo mafupa ake amapita ku Asia. Mu 2017 boma linaloleza kutumiza kunja mafupa a mikango 800, ndipo mu 2018 linakweza chiwerengerocho kufika 1,500. Mu Ogasiti 2019 khothi lalikulu ku Pretoria, pa mlandu umene NSPCA inasuma, linagamula kuti ziwerengerozi zinaikidwa mosatsata malamulo, poti boma silinaganizire n'komwe za umoyo wa nyamazo. Mu Meyi 2021 nduna Barbara Creecy inalengeza kuti kuweta mikango m'makola kuthetsedwa. Malonjezo onsewa anali okhudza mikango. Kambuku anatsala panja. Bungwe la Four Paws linawerenga akambuku amoyo 359 otumizidwa kunja kuchokera ku South Africa pakati pa 2011 ndi 2020, ambiri kupita ku Vietnam, China ndi Thailand, chikhalirecho maiko a m'pangano la CITES anagwirizana kale mu 2007 kuti akambuku asaswanitsidwe pofuna kugulitsa ziwalo zawo. Pamene ana a kambuku akubadwa ochuluka chotere, ena amathera kwa munthu wandalama wofuna kudabwitsa alendo ake.

Adzati akuteteza mtundu umene ukutha. Ndi zabodza. Akambuku a m'makola a anthu ndi osakanizika mitundu, mbiri ya makolo awo sidziwika, ndipo palibe nkhalango ya ku India imene ingawalandire. Oyera aja, amene anthu amawasirira kwambiri, ambiri amachokera kwa kambuku mmodzi wotchedwa Mohan, wogwidwa ku Rewa mu 1951, ndipo kuyerako kwasungidwa pokweretsa bambo ndi mwana, mlongo ndi mlongo, ndi zilema zonse zotsatira mchitidwe wotere. Kumene akambuku achulukadi ndi ku India, kuchoka pa 1,411 m'kalembera wa 2006 kufika pa 3,682 m'kalembera wa 2022, ndipo zinatheka poteteza nkhalango ndi nyama zimene akambukuwo amadya. Khola la ku Boksburg silinawonjezerepo ngakhale mmodzi.

Adzatinso malo ndi awo, ndalama ndi zawo, boma lisalowerere. Ufulu umenewu ukanamveka kambuku akanadziwa kuwerenga chikalata cha malo. Ku Zanesville, m'chigawo cha Ohio ku America, mu Okutobala 2011, munthu wina anatsegula makola ake onse n'kudzipha. Apolisi anapha nyama pafupifupi 50 usiku umodzi ndi m'mawa mwake, mwa izo akambuku 18 ndi mikango 17. Chigawocho chinakhwimitsa lamulo chaka chotsatira, ndipo pa 20 Disembala 2022 dziko lonse la America linaletsa anthu wamba kukhala ndi amphaka akuluakulu atsopano ndiponso kusisititsa ana awo kwa alendo. Panali pasanathe mwezi Sheba asanatuluke. Ngati dziko lokonda ufulu wa katundu ngati limenelo linaona kuti mpanda wa munthu si chitetezo chokwanira kwa oyandikana naye, Gauteng ilibe pobisala.

Funso lalikulu ndi lakuti ngoziyo imagwera yani. Mwini kambuku amatuluka pageti ali m'galimoto, magalasi atatseka. Anzake a mapuloti oyandikana nawo chimodzimodzi. Amene amayenda pansi m'misewu ya fumbi ya Walkerville, De Deur ndi madera ena otere, m'bandakucha pothamangira minibasi ndi madzulo pochokera kugolosale, ndi osamalira maluwa, ogwira ntchito m'nyumba, oweta mahatchi, alonda, ndi ana awo. Pakati pawo pali Amalawi ambirimbiri, a ku Mzimba, Nkhata Bay, Mangochi ndi Machinga, pamodzi ndi a ku Zimbabwe, Mozambique ndi Lesotho, ndi eni dziko osauka. Tinyumba tawo tili kumapeto kwa puloti, kumene kuli udzu, kumene kulibe waya wamagetsi. Wina wa iwo ndiye amatumidwa kukaponya nyama m'kholamo ndi kukatsuka. Ndipo munthu wopanda mapepala akakandidwa, amayamba waganiza za Lindela asanaganize za loya. Amene amati izi ndi zoseweretsa za anthu olemera, sizikukhudza Mmalawi, aiwala kuti zoseweretsazo amazisamalira ndani.

Makhothi a dzikolo, kunena chilungamo, ali patsogolo pa opanga malamulo. Mu 2020 khothi la apilo ku Bloemfontein linagamula mlandu wa bambo wina wa ku Port Elizabeth, wopeza chakudya posamalira maluwa ndi kutaya zinyalala, amene agalu atatu anamugwira pamsewu mpaka mkono wake unadulidwa. Mwini agaluwo anati munthu wosadziwika ndiye anatsegula geti. Khothi linakana, linati mwini chiweto ndiye amasenza zimene chiweto chake chachita. Ndi chiweruzo chomwe chija cha mbuzi ndi chimanga. Ngati chili choona pa galu, nyama imene yakhala ndi munthu kuyambira kalekale, sichingakhale chabodza pa kambuku. Koma chipukutamisozi chimabwera mkono utapita kale, patapita zaka, ndipo chimabwera kwa yekhayo amene anapeza loya.

Pali chinanso chosakoma, ndipo chikukhudza okonda zinyama. Sheba atafa, misozi inagwa kuchokera kumaiko ambiri, ndipo inali yoyenera, poti nyamayo sinalakwe kanthu. Inabadwira m'ndende, inatuluka masiku anayi, inaphedwa chifukwa chochita zimene inalengedwera. Koma dzina la Sheba likukumbukiridwa, pamene bambo amene anagona m'chipatala watsala nambala, wa zaka 39. Nyuzipepala zina zinamutchula, koma ndani akumukumbukira? Ena anafika pofunsa kuti ankafuna chiyani panja usiku, ngati kuti munthu woyenda m'dera la kwawo ndiye wasochera. Chifundo chimene chimalira nyama n'kudumpha wantchito chimachokera kumalo amodzi ndi khola lija: kwa anthu amene sanayendepo pansi mumsewuwo. Nawonso amene anati zilombo zonse zingophedwa sanathandize kanthu. Mfuti inapha Sheba, koma malo oswanitsira ana a kambuku inawasiya ali chitsegulire.

Zofunika kuchita si zachilendo, ndipo mabungwe a zinyama a m'dzikolo akhala akuzinena. Kusunga amphaka akuluakulu pakhomo, a mu Africa kaya a kunja, kuletsedwe ndi lamulo limodzi la dziko lonse, osati kusiyira chigawo chilichonse. Amene alipo kale sangatayidwe kuthengo ndipo malo abwino owasungira ndi ochepa, choncho alembedwe m'kaundula mmodzimmodzi, aikidwe chizindikiro pansi pa khungu, afulidwe kuti asaswane, ndipo makola awo aziyenderedwa mosachenjeza. Mwini aliyense akakamizidwe kukhala ndi inshulansi yolipira wovulala aliyense, kaya ndi nzika kaya alibe mapepala. Ndipo kaundulayo asakhale chinsinsi cha mu ofesi. Mayi wosiya mwana pa sukulu ya mkaka ali ndi ufulu wodziwa chimene chili kuseri kwa khoma, ndipo woyenda pansi ali ndi ufulu wodziwa msewu woti aupewe. Eni nyama adzati kulengeza maadiresi kudzaitana akuba. Mwina n'zoona. Koma mantha amenewo ndi a katundu wawo, pamene mantha a woyenda pansi ndi a khosi lake, ndipo boma liyenera kunena poyera kuti pa ziwirizi likusankha chiti.

Kufikira lamulo lotero litalembedwa ndi kutsatidwa, Mmalawi wopita kukafunsa ntchito kumapuloti a ku Gauteng ali ndi chifukwa chofunsa bwanayo, asanafike n'komwe pa nkhani ya malipiro, kuti kuseri kwa nyumbako kuli chiyani, ndipo kholalo azitsuka ndani.